Mmene Mungalembere Tsamba Loti Google Ilimvetse Popanda Kubwerezabwereza Mawu

Munthu akangotsegula webusaiti, kaya ya bizinesi, ya bungwe la alimi, ya mpingo kapena ya nkhani, sachedwa kukumana ndi womulangiza kuti asankhe mawu amene anthu amalemba pa Google, n'kuwabwereza patsamba lake mpaka akwane maperesenti akutiakuti. Mawu oterewa akatswiri amawatcha keyword, ndipo kuchuluka kwake poyerekeza ndi mawu onse a patsambalo amakutcha keyword density. Wina adzakuuzani kuti muyeso woyenera ndi 2 peresenti, wina 3, wina 5, koma palibe amene angakulozereni pamene Google kapena Bing inalemba nambala imeneyo, chifukwa sinailembepo. Chimene makina ofufuzira amafuna kudziwa ndi nkhani imene tsamba likunena, komanso ngati likuyankha funso la munthu amene wafufuza. Mawu ofufuzirawo amapeza mphamvu kuchokera pamalo pamene aikidwa ndi kwa mawu ena amene awazungulira, osati kwenikweni pa kuchuluka kwake. Malangizo otsatirawa atsata chitsanzo chimodzi, cha munthu amene akulemba tsamba lophunzitsa alimi kasungidwe ka chimanga akakolola, koma njira yake ndi yomweyo kwa wogulitsa matayala ku Limbe kapena mwini malo ogona alendo ku Mangochi.

Choyamba: tsimikizani kuti makinawo akutha kuwerenga mawu anu

Tsamba lisanaonekere kwa wofufuza limadutsa m'ntchito zitatu. Poyamba pulogalamu yoyendayenda pa intaneti, imene ku Google imatchedwa Googlebot ndipo ku Bing imatchedwa Bingbot, imatsata malinki n'kukopera tsambalo. Kenako mawu ake amapatulidwa limodzilimodzi n'kuikidwa mu mlozera waukulu, momwe pansi pa liwu lililonse pamalembedwa masamba amene liwulo likupezeka, kangati komanso pamalo ati. Pomaliza, munthu akalemba funso lake, makinawo sayamba kuyendayenda pa intaneti nthawi yomweyo ayi, koma amatsegula mlozera uja, n'kutengamo masamba oyenerana ndi funsolo, n'kuwasanja kuyambira limene akuliona kuti ndi lothandiza kwambiri.

Mawebusaiti ambiri amagwa pa sitepe yoyamba yomweyi. Mwini wake amatenga chithunzi cha positala chimene anakonzera WhatsApp, momwe muli mitengo, malangizo ndi nambala ya foni, n'kuchiika patsamba popanda kulemba china chilichonse. Munthu amawerenga bwinobwino, koma kwa makina tsambalo lili ngati lopanda mawu, ndipo simuyenera kudalira kuti adzatolamo zilembo za m'chithunzi. Yesani kusankha mawuwo ndi chala kapena ndi mausi ngati mukufuna kuwakopera, ndipo akakana kusankhika dziwani kuti ndi chithunzi, choncho muyenera kuwalembanso ngati mawu enieni. Kenako lembani pa Google mawu akuti site: motsatana ndi adiresi ya webusaiti yanu popanda kusiya mpata, kuti muone masamba amene alowa kale mu mlozera. Lembetsaninso webusaitiyo ku Google Search Console, chida cha Google choonetsa mmene webusaiti yanu ikuonekera kwa ofufuza, yomwe ndi yaulere, chifukwa tidzaifuna kutsogoloku. Kumbukirani kuti Google imawerenga tsamba monga mmene limaonekera pa foni, choncho ndime imene imaoneka pa kompyuta pokha koma inachotsedwa pa foni ili ngati kulibe.

Chachiwiri: mvetsani mmene makina amayezera kulemera kwa liwu

Nzeru yowerenga mawu pofuna kudziwa nkhani ya chikalata inayamba intaneti isanabwere. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, Hans Peter Luhn, amene ankagwira ntchito ku kampani ya IBM, anasonyeza kuti liwu lobwera kawirikawiri m'chikalata limapereka chithunzi cha zimene chikalatacho chikunena. Vuto la njira imeneyi silivuta kuliona, chifukwa mawu amene amachuluka kwambiri m'nkhani iliyonse ya Chichewa ndi monga "ndi", "kuti", "pa" ndi "wa", omwe sanena kanthu za mutu wa nkhani. Mu 1972 Karen Spärck Jones wa ku yunivesite ya Cambridge anawonjezera mbali imene inkasowa, yakuti liwu lopezeka m'zikalata zochepa ndi lolemera kuposa lopezeka paliponse. Pa chitsanzo chathuchi, liwu lakuti "chimanga" lili m'masamba ambirimbiri, a ndale, a zanyengo ndi a mitengo ya pamsika, pomwe lakuti "nankafumbwe" limatulukira makamaka pamene akunena za kusunga mbewu. Kutchula nankafumbwe kawiri kumauza makina zambiri za tsamba lanu kuposa kuwonjezera chimanga maulendo 20.

M'zaka za m'ma 1990, Stephen Robertson ndi anzake a ku City University ku London anakonza njira yotchedwa BM25, yomwe mpaka pano ndi imene mapulogalamu ofufuzira monga Lucene ndi Elasticsearch amayambira posanja zotsatira. Ndi bwino kuyang'ana manambala ake pang'ono, chifukwa amathetsa mkangano wonse wa maperesenti. Mukagwiritsa ntchito muyeso wodziwika wa 1.2, womwe mu njirayi umaika malire a mphamvu ya liwu lobwerezedwa, pa tsamba la utali wapakatikati, liwu lotchulidwa kamodzi limapeza mphamvu ya 1, lotchulidwa kawiri limapeza pafupifupi 1.4, lotchulidwa maulendo 10 limapeza pafupifupi 2, lotchulidwa maulendo 50 limapeza pafupifupi 2.15, ndipo ngakhale mutalibwereza usiku wonse silingadutse 2.2. Phindu lalikulu lili pa kutchula koyamba ndi kwachiwiri, kenako limanka licheperachepera mpaka kutheratu. Njirayi imaganiziranso utali wa tsamba, kuti tsamba lalitali lisapose linzake chifukwa chongokhala ndi mawu ambiri.

Google imasunga chinsinsi cha kawerengedwe kake, ndipo imaphatikiza zizindikiro zambiri kuposa izi, koma zimene antchito ake ananena poyera zikugwirizana ndi chithunzi chomwechi. Mu 2011 Matt Cutts, amene panthawiyo ankatsogolera gulu lolimbana ndi masamba achinyengo, anafotokoza m'vidiyo ina kuti kutchula liwu koyamba ndi kachiwiri kumathandiza, kupitiriza kumawonjezera zochepa kwambiri, ndipo kukanyanya kumayamba kuvulaza tsamba. Woitanira minibasi pa depoti akamakuwa kuti "Limbe, Limbe, Limbe", wokwera amakhala atamva kale pa kuitana koyamba, ndipo chimene amayang'ana tsopano ndi chakuti galimotoyo ili ndi malo, matayala ake ndi abwino komanso inyamuka nthawi yanji.

Chachitatu: pezani mawu amene anthu amalembadi

Musanalembe chiganizo n'chimodzi chomwe, dziwani mmene anthu amafunsira nkhani yanu. Mlangizi wa zaulimi angalembe kuti "kasamalidwe ka zokolola", koma mlimi amene wagwira foni usiku, ataona ufa ukuwayawaya pansi pa thumba, amalemba kuti "mankhwala a anankafumbwe" kapena "chimanga chikufumbwa nditani". Tsamba limene lili ndi mawu a mlangizi okhaokha lingakhale lolondola kuyambira pamwamba mpaka pansi, koma osakumana ndi mlimiyo.

Yambani ndi bokosi lofufuzira la Google lenilenilo. Lembani mawu anu pang'onopang'ono n'kuona amene akudzitulukira okha pansi pake, chifukwa amenewo amachokera pa zimene anthu ena anafufuzapo. Onaninso mafunso ofanana nawo amene amaoneka pakati ndi pansi pa zotsatira. Google Trends imathandiza kuyerekeza mawu awiri kuti muone otchuka kwambiri m'dziko limene mwasankha, ndipo Keyword Planner ya mu Google Ads imapereka chiyerekezo cha kuchuluka kwa ofufuza pamwezi. Zida ziwirizi zimasowa chonena pa mawu ambiri a Chichewa, poti ofufuza ake ndi ochepa, ndiye musataye mtima zikakupatsani ziro. Mverani mafunso a anthu oimba foni pa mapulogalamu a zaulimi pa wailesi, werengani mafunso amene makasitomala amakutumizirani, ndipo lembani mawuwo ndendende mmene iwo awanenera, kuphatikizapo pamene asakaniza Chichewa ndi Chingerezi. Google yokha inanena kuti pafupifupi 15 peresenti ya mafunso amene imalandira tsiku lililonse ndi oti sinawaonepo, zomwe zikusonyeza kuti palibe mndandanda wa mawu umene ungakwanire, ndipo kulemba nkhani mokwanira kumagwira mafunso amene simukanawaganizira.

Mukatero, funsani chimene wofufuzayo akufuna. Wolemba kuti "mtengo wa chimanga" akufuna nambala ya lero, wolemba kuti "matumba a PICS Lilongwe" akufuna kogula, pomwe wolemba kuti "kasungidwe ka chimanga" akufuna kuphunzira. Awa ndi masamba atatu osiyana, ndipo kuwaphatikiza patsamba limodzi kumachititsa kuti lisayankhe bwino aliyense wa iwo. Njira yachidule yodziwira cholinga ndi kufufuza mawuwo nokha n'kuona mtundu wa masamba amene ali pamwamba. Ngati onse ndi malangizo, tsamba lotsatsa malonda lidzavutika kulowa pakati pawo. Sankhani mawu aakulu amodzi pa tsamba lililonse, ndipo musalembe masamba awiri olimbirana mawu amodzimodzi pa webusaiti yanu yomweyo.

Chachinayi: ikani mawuwo pamalo amene amawerengedwa kwambiri

Malo oyamba ndi mutu wa tsamba umene umalembedwa mu title ya HTML (chilankhulo cha kompyuta chomangira masamba a pa intaneti), womwe nthawi zambiri ndi umene umaoneka ngati linki yodina pa zotsatira. Ikani mawu anu aakulu chakumayambiriro, ndipo yesetsani kuti mutuwo usapitirire kwambiri zilembo 60, chifukwa wautali umadulidwa. Mutu wakuti "Kasungidwe ka Chimanga: Mmene Mungapewere Anankafumbwe ndi Chuku" ukunena nkhani ndi phindu lake nthawi imodzi. Mutu wakuti "Takulandirani ku Webusaiti Yathu" ndi waulemu, koma palibe amene amafufuza zimenezo. Google nthawi zina imalemba mutu wina m'malo mwa wanu, makamaka ikaona kuti wanuwo ndi wodzaza ndi mawu obwerezedwa kapena sukugwirizana ndi zamkati.

Malo achiwiri ndi mutu waukulu wooneka patsamba penipeni, wa H1, wotsatana ndi timitu ta H2 timene timagawa nkhani. Wachitatu ndi ndime yoyamba, imene iyenera kunena mosazungulira zimene tsambalo liphunzitse. Adiresi ya tsamba ikhale yomveka, yothera ndi mawu monga kasungidwe-ka-chimanga m'malo mwa manambala opanda tanthauzo. Chithunzi chilichonse chili ndi malo otchedwa alt, olembapo zimene zili pachithunzipo, ndipo muyenera kukumbukira kuti mawu amenewa amawerengedwa mokweza kwa anthu osaona amene amagwiritsa ntchito mapulogalamu owawerengera. Lembanipo kuti "matumba a chimanga osanjidwa pa mapulanga m'chipinda chosungiramo", osati mndandanda wa mawu ofufuzira. Mukamalumikiza tsambali kuchokera ku masamba anu ena, mawu a linkiyo anene kumene ikupita, monga "werengani za kasungidwe ka chimanga", chifukwa "dinani apa" sauza makina kapena munthu chilichonse.

Pali malo awiri amene amasokoneza anthu. Meta description, yomwe ndi ndemanga yaifupi yooneka pansi pa mutu pa zotsatira, sikweza tsamba payokha, koma ndi imene imakopa munthu kuti adine, choncho ilembeni mosamala m'ziganizo ziwiri. Meta keywords, komwe kale anthu ankaunjikako mawu ofufuzira, musavutike nayo n'komwe, chifukwa mu September 2009 Google inalengeza poyera kuti siigwiritsa ntchito posanja masamba. Wokonza webusaiti amene akukulipiritsani ndalama kuti adzaze malo amenewa akukugulitsani ntchito yopanda phindu.

Chachisanu: lembani nkhani yonse, ndipo mawu oyandikana nawo abwera okha

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni. Kuyambira mu 2013, pamene Google inakonzanso makina ake m'njira yotchedwa Hummingbird, inayamba kuyang'ana kwambiri tanthauzo la funso lonse kusiyana ndi liwu lililonse palokha. Mu 2015 inawonjezera RankBrain, yothandiza kumvetsa mafunso achilendo powayerekeza ndi ena ofanana nawo, ndipo mu October 2019 inabweretsa BERT, imene imawerenga liwu pamodzi ndi mawu a kutsogolo ndi kumbuyo kwake. Chitsanzo chimene Google inapereka panthawiyo chinali funso la munthu wa ku Brazil wofuna kudziwa ngati akufunika viza popita ku America. Kale makinawo ankanyalanyaza kaliwu kosonyeza kumene munthuyo akulowera, n'kupereka nkhani ya anthu a ku America opita ku Brazil, zomwe ndi zosemphana ndi funsolo.

Kwa wolemba Chichewa nkhani imeneyi ndi yapafupi. Liwu lakuti "mtengo" likakhala lokha silinena ngati ndi wa m'nkhalango kapena wa pamsika. Likakhala pakati pa mawu monga kwacha, kilogalamu, thumba ndi mavenda, nkhani yake ndi ya malonda, ndipo likakhala pakati pa mbande, nazale, mizu ndi nkhuni, nkhani yake ndi ya zomera. Kulibwereza maulendo 30 sikuchotsa chisokonezocho, koma mawu anayi oyandikana nalo amachichotsa. Mwa njira yomweyo, tsamba loona la kasungidwe ka chimanga silingathe popanda kutchula kuyanika, kutonola, kupeta, nkhokwe, matumba, chinyezi, chuku, makoswe ndi anankafumbwe. Simufunika kuwasakasaka mawu amenewa kuti muwalowetsemo, chifukwa munthu wodziwa nkhaniyo sangailembe popanda iwo.

Taonani ndime iyi, yamtundu umene umapezeka pa masamba olembedwa ndi munthu amene maso ake ali pa peresenti: "Kasungidwe ka chimanga ndi kofunika. Ngati mukufuna kasungidwe ka chimanga kabwino, werengani za kasungidwe ka chimanga pano, chifukwa kasungidwe ka chimanga kathu ndi kasungidwe ka chimanga kodalirika." M'mawu 27 amenewa mutu wa nkhani wabwera maulendo 5, koma mlimi sanaphunzirepo kanthu. Tsopano yerekezani ndi iyi: "Musanathire chimanga m'thumba, chiyanikeni mpaka chinyezi chitsike kufika pa 13 peresenti, pamene njere imathetheka mukailuma. Thumba la PICS lili ndi mapulasitiki awiri mkati ndi saka kunja, ndipo mukamanga lililonse palokha mpweya sulowa, moti anankafumbwe amafa okha popanda mankhwala. Sanjani matumbawo pa mapulanga, motalikirako ndi khoma, kuti asatenge chinyontho cha pansi." Mawu akuti kasungidwe ka chimanga mulibemo ngakhale kamodzi, koma palibe makina kapena munthu amene angakayike za nkhani yake.

Pali chinthu chimodzi chimene wolemba Chichewa ayenera kusamala nacho kuposa wolemba Chingerezi. Makina ofufuzira anaphunzira kwambiri pa zilankhulo zokhala ndi zolembedwa zambiri pa intaneti, choncho musayembekezere kuti nthawi zonse azindikira okha kuti "kusunga", "kasungidwe", "mukasunga" ndi "chosungidwa" ndi mawu a tsinde limodzi, kapena kuti "nankafumbwe" ndi "anankafumbwe" ndi kachilombo komweko. Lolani kuti mitundu imene anthu amalemba kawirikawiri ionekere m'nkhani mwanu mwachibadwa, wina pa kamutu, wina m'ndime, wina pa funso. Ngati chinthu chili ndi dzina limene alimi amalidziwa pa botolo kapena pa paketi, monga Actellic, litchuleni ndi dzina lomwelo. Owerenga anu akakhala a ku Chipata kapena ku Tete, komwe chilankhulochi chimatchedwanso Chinyanja ndipo mawu ena amasiyana, tchulani dzina la kumeneko kamodzi pamalo oyenera. Pa kalembedwe, tsatirani malamulo olondola, koma dziwani kuti wofufuza pa foni salemba ŵ ndipo kawirikawiri amasiya tizizindikiro ta pakati pa mawu monga m'munda. Chimenechi si chifukwa cholembera mawu molakwika mwadala, ndipo mndandanda wa malembedwe olakwika pansi pa tsamba umangonyozetsa webusaiti.

Chachisanu ndi chimodzi: werengani peresenti pomaliza, ngati chenjezo chabe

Kawerengedwe kake ndi kosavuta. Tengani maulendo amene liwu labwera, gawani ndi chiwerengero cha mawu onse, n'kuchulukitsa ndi 100. Liwu lobwera maulendo 12 m'nkhani ya mawu 800 lili pa 1.5 peresenti. Koma mukangofika pa mawu ophatikizana nambalayo imayamba kugwedezeka. Ngati "kasungidwe ka chimanga" abwera maulendo 8 m'mawu 800, chida china chidzati 1 peresenti, pomwe china chidzawerenga liwu lililonse mwa atatuwo n'kunena kuti 3 peresenti. Chida china chimawerenga nkhani yokha, china chimaphatikiza mawu a pa menyu ndi a pansi pa tsamba. Chichewa chimawonjezera vuto lina, chifukwa chimalonga zambiri m'liwu limodzi, moti "sindidzakugulitsaninso" ndi liwu limodzi lonyamula chiganizo chathunthu. Nkhani ya Chichewa ikhoza kukhala ndi mawu ochepa kuposa inzake ya Chingerezi yonena zomwezo, ndipo muyeso umene anaukonzera Chingerezi sungakwane bwino pamenepa. Nambala yosinthasintha chotere si yoti munthu amangirepo nkhani yake.

Amene amagwiritsa ntchito WordPress pomanga mawebusaiti awo amaidziwa pulogalamu ya Yoast, imene imayatsa kadontho kobiriwira mawu akakhala pakati pa 0.5 ndi 3 peresenti. Kadontho kameneka ndi maganizo a okonza pulogalamuyo, si uthenga wochokera ku Google, ndipo n'zomvetsa chisoni kuona wolemba akuwononga chiganizo chabwino pofuna kuti kasinthe mtundu. Ntchito yabwino ya nambalayi ndi kukuchenjezani pa malire awiri okha. Ikakhala ziro, ndiye kuti mwalemba nkhani yonse osatchula dzina lake, ndipo muyenera kulibwezera pamutu ndi m'ndime yoyamba. Ikakwera kufika pa 5 kapena kuposa, bwererani mukaone ngati simunanyanye.

Njira yodalirika kuposa chida chilichonse ndi iyi. Tsegulani tsambalo pa kompyuta, dinani Ctrl ndi F, lembani mawu anu aakulu, ndipo muone pamene awala. Akaunjikana katatu m'ndime imodzi, sinthani awiri ndi mawu olowa m'malo monga "mbewuyi", "njira imeneyi" kapena "chimenechi". Kenako werengani nkhaniyo mokweza kwa munthu amene sadziwa za webusaiti. Pamene lilime lanu lapunthwa kapena iye wayamba kumwetulira, pamenepo ndi pamene pali liwu lokakamizidwa.

Chachisanu ndi chiwiri: chotsani zimene zimabweretsa chilango

M'masiku a makina ofufuzira akale monga AltaVista ndi Lycos, cha m'ma 1990, makina ankadalira kwambiri mawu a patsamba, ndipo anthu anaphunzira kuwapusitsa polemba mawu oyera pa tsamba loyera kapena timalemba tosaoneka ndi maso. Google, imene Larry Page ndi Sergey Brin anaikhazikitsa mu 1998, inapambana chifukwa cha PageRank, njira yoyeza tsamba poona masamba ena amene akulilozera, ndipo kuchokera pamenepo yakhala ikutseka mipata ya chinyengo. Kusintha kwa kasanjidwe ka masamba kwa mu November 2003 kotchedwa Florida kunagwetsa masamba ambiri a malonda, Panda ya mu 2011 inalimbana ndi masamba opanda phindu, ndipo Penguin ya mu 2012 inalimbana ndi malinki achinyengo ndi kuunjika mawu. Ngakhale makampani aakulu sanapulumuke, chifukwa mu February 2006 webusaiti ya BMW ya ku Germany inachotsedwa mu mlozera kwa masiku angapo kamba koonetsa makina masamba odzaza ndi mawu ofufuzira amene anthu sankawaona.

Malamulo a Google amatchula mwachindunji mawu obisika, kubwereza mawu mpaka kumveka mwachilendo, mindandanda ya manambala a foni yopanda chifukwa, ndi ndime zongondandalika mayina a mizinda. Chomalizachi n'chofala kwambiri, pamene pansi pa tsamba pamalembedwa kuti matumba Blantyre, matumba Zomba, matumba Mzuzu, matumba Kasungu, mpaka maboma onse atatha. Ngati muli ndi sitolo m'mizinda imeneyi, ipatseni iliyonse tsamba lake lokhala ndi malo enieni, nthawi yotsegulira ndi katundu wopezeka kumeneko. Ngati mulibe, chotsani mndandandawo. Webusaiti yanu ikakhala yoti anakukonzerani munthu wina, dinani Ctrl ndi A kuti mawu onse asankhike, ndipo obisika ndi mtundu, monga oyera pa tsamba loyera, adzaonekera. Mu Search Console muli gawo lotchedwa Manual actions, lomwe limakuuzani ngati wantchito wa Google walanga tsamba lanu, ndipo mukakonza cholakwikacho mumapempha pomwepo kuti alionenso.

Chachisanu ndi chitatu: tulutsani tsambalo, kenako mverani zimene ofufuza akukuuzani

Mukasindikiza tsamba, ikani adiresi yake mu URL Inspection ya Search Console n'kupempha kuti lilowe mu mlozera, kenako dikirani milungu ingapo musanaweruze. Gawo la Performance lidzakuonetsani mafunso enieni amene anthu analemba tsamba lanu lisanawaonekere, maulendo amene linaoneka, maulendo amene linadinidwa, ndi malo amene linali pa mndandanda. Ili ndi gwero labwino koposa la mawu a Chichewa, chifukwa ndi mawu a owerenga anu enieni. Mukaona funso lakuti "chimanga chachita chuku chingadyedwe" likubwera pa malo a 14, musawonjezere liwu lakuti chuku maulendo ena asanu, koma lembani kamutu ndi ndime yoyankha funsolo bwinobwino, kuphatikizapo kuopsa kwa poizoni wa aflatoxin kwa anthu ndi ziweto. Tsamba likamaoneka kwambiri koma osadinidwa, vuto lili pa mutu ndi pa meta description, osati m'kati mwa nkhani. Likakhala lolembedwa bwino koma osakwera, yang'anani kunja kwa mawu, monga kuchedwa kutseguka pa foni ya netiweki yofooka, kapena kusowa kwa mawebusaiti odalirika amene akulilozera.

Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi ndipo lembani tsiku limene mwasintha, apo ayi simudzadziwa chimene chathandiza. Samalaninso ndi nyengo poyerekeza manambala. Mafunso a kasungidwe ka chimanga amayenera kuchuluka nthawi yokolola, kuyambira mu April mpaka cha mu June kapena July, n'kuchepa mvula ikayamba, choncho kutsika kwa mu December sikutanthauza kuti tsamba lalangidwa. Search Console imasunga mbiri ya miyezi 16, yomwe ndi yokwanira kuyerekeza mwezi uno ndi mwezi womwewo wa chaka chatha.